Mphindi Khumi ndi Imodzi

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuphunzitsa kuphunzitsa
m'chipinda nambala 14, pa koleji yathu ku Naryn,
momwe mapaipi otenthetsa amalira ngati mimba ya wanjala
koma kutenthetsa amatenthetsa ndithu.

Kalata ya Kanykei idafika mu Januwale
itakwera lole ya malasha.
Ndidaitsegula ndikumwetulira, poyesa muli zikomo.

"Aphunzitsi," idatero, "mudandipatsa malikisi 96.
Kuno ndili ndi makalasi atatu m'chipinda chimodzi.
Mbaula ikazima, inki imagwirana m'zolembera.
Pali mnyamata amabwera pa kavalo
atadyetsa kale nkhosa makumi anayi kusanache.
Akagona pa desiki, ndimudzutse kapena ndimufunditse?
Ndafunafuna m'manotsi anu onse.
Mulibemo."

Lachinayi ndidaiwerenga pa msonkhano wa dipatimenti.
Pulofesa Talantbek adavula magalasi nawapukuta,
kuwapukuta, kuwapukutabe.
Wina adati tiwonjezere phunziro.
Wina adati tiyambe tasankha komiti.
Tiyi adazizirira m'timbale take.

Wotilasa sadali pa mndandanda wa oyankhula.
Mayi Zhyldyz, mlembi, maso ali pa kompyuta, adangoti:
"Mumawatumiza kukayeserera mu Meyi,
msewu utauma, ku sukulu za m'tauni muno.
Makalatawo ndimalemba ndine.
Palibe adandifunsapo."

Wakutsina khutu ndi mnansi, inde,
koma khutulo limawawa mpaka madzulo.

Ermek adamanga matcheni ku matayala.
Tidakwera kupyola At-Bashy, chipale chofewa chili mbuu,
mapiri atatiyang'ana ngati oyang'anira mayeso.
"Msewu uwu ndaperekezapo aphunzitsi achinyamata asanu ndi mmodzi," adatero,
"anayi ndidakawatenganso ndi zikwama zawo."

Kanykei sadandidandaulire. Adangondipatsa choko.

Mphindi khumi ndi imodzi: ndidaziwerenga pa wotchi ya pakhoma.
Aang'ono ankafuna chilembo,
aakulu ankadikira masamu a magawo,
apakati ankalimbirana golovesi imodzi.
Utsi udabwerera m'chipinda.
Dongosolo langa la masitepe asanu,
lomwe ndalidindira mabuku awiri,
lidathyoka mwendo pa sitepe yachiwiri.

Iye adadzuka phee.
Adapatsa Meerim, wa zaka khumi, aang'ono aja,
nafunsa mwini kavalo: nkhosa zako makumi anayi,
mmbulu ukadya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu?
Mwanayo adayankha asanatsegule bwino maso,
nawonjeza kuti mmbulu sudya zambiri chotero usiku umodzi.

Ine ndidakhala pa kabenchi, maondo kuchibwano,
ndikulemba mofulumira ngati wa chaka choyamba.

Kusintha kalendala kudatenga miyezi khumi ndi inayi.
Zhyldyz adadzaza mafomu asanu ndi awiri
kuti dzina la Kanykei lilowe pa malipiro athu ngati mlangizi;
a ku ofesi ya ndalama adawabweza kawiri
chifukwa alibe digiri yachiwiri.
Talantbek adatsutsa mpaka pa voti,
kenako m'mawa mwake tidapeza pakhomo pa ofesi
katoni ya nsapato zaubweya, yopanda dzina,
koma mfundo ya chingwe idali yake.

Tsopano amapita mu Febuluwale, awiriawiri.
Ena amabwerako atatupa zala, akutitukwana chamumtima.
Ena amapempha kubwereranso.
Sindinganene kuti takonza zonse:
lole ya malasha imachedwabe,
ndipo chaka chatha mmodzi adasiyiratu uphunzitsi.

Funso la Kanykei lili pa mayeso otsiriza, nambala 3.
Amene amachonga nane amafuna yankho lovomerezeka.
Ndimawauza kuti ndilibe.

Ndimangodziwa kuti tsiku lija, itakwana leveni,
mnyamata uja adagonanso, tsaya pa kope.
Kanykei adandiyang'ana.
Ndidavula jekete.